Akuti nditenge nyumba, iwo asunge penshoni. Kodi ndikupusitsidwa?

MayiWaAtatu
Moni nonse. Ukwati wathu ukutha, ndipo zimenezo zatsimikizika kale, chonde pasapezeke wondiuza zobwererana. Takhala m'banja zaka 16. Bambo a ana angawa ndi mphunzitsi wa boma, agwira ntchito zaka 22 ndipo kwatsala zaka 13 kuti apume. Ine ntchito ndinasiya kalekale chifukwa cha kusamutsidwasamutsidwa kwawo komanso ana.

Pa nkhani yogawana chuma, akuti ine nditenge nyumba yonse, iwo atsale ndi penshoni yawo osaikhudza. Andionetsa pepala lochokera ku ofesi ya penshoni losonyeza ndalama zomwe akhala akudulidwa pa malipiro, ndipo nambala yake ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi mtengo wa nyumba. Akuti akundichitira chifundo. Nyumbayo ngongole yake ya kubanki sinathe. Chikundikayikitsa n'chakuti munthu amene talimbirana naye firiji ndi mipando wavomera kusiya nyumba mosavuta chonchi. Kodi mtengo wa penshoni ya boma amauwerengera bwanji? Nambala ya papepalayo ndi yeniyeni?

Kalulu77
Tengani nyumba mayi. Nyumba mukuiona ndi maso, penshoni ndi lonjezo chabe.

MlembiWopuma
Musasaine kanthu kaye, mayi. Ine ndinagwira ntchito yowerengera malipiro a anthu opuma kwa nthawi yaitali, ndiye ndifotokoze pang'onopang'ono.

Penshoni zilipo za mitundu iwiri. Mtundu woyamba ndi wa thumba: wantchito amaponyamo, bwana amaponyamo, ndalama zimachulukitsidwa, ndipo tsiku lililonse mutha kufunsa kuti m'thumbamo muli zingati. Umenewu mtengo wake suvuta, ndi zomwe zili m'thumbamo basi. Mtundu wachiwiri, womwe maboma ambiri akhala akupatsa aphunzitsi, anamwino, apolisi ndi asilikali, ndi wa lonjezo. Boma limanena kuti ukadzapuma tidzakulipira mwezi ndi mwezi mpaka imfa, ndipo kuchuluka kwake kudzatengera zaka zomwe wagwira ndi malipiro ako. Pamenepa zomwe munthu wadulidwa sizikhudzana kwenikweni ndi zomwe adzalandire.

Tiyerekeze ndi manambala ongopeka. Malipiro ndi 600 pamwezi, ndipo lamulo la penshoniyo likuti chaka chilichonse cha ntchito chimapatsa gawo limodzi mwa magawo 60 a malipiro. Zaka 16 za ukwati wanu zapanga 160 pamwezi. Akadzapuma n'kukhala ndi moyo zaka 20, imeneyo ndi 38,400. Tsono ngati ankadulidwa 5 peresenti, ndiye kuti 30 pamwezi, pa zaka 16 zikungokwana 5,760, ndipo kwenikweni n'zochepa kuposa pamenepo chifukwa kale malipiro anali otsika. Mukuona kusiyana kwake? Pepala lomwe akuonetsanilo mwina silikunama, koma likuyankha funso lina, osati lomwe inu mukufunsa.

Choyamba dziwani kuti penshoni yawoyo ndi ya mtundu uti. Maboma ena anasintha pakati, moti munthu mmodzi amakhala ndi zaka zina m'dongosolo lakale, zina m'latsopano.

MayiWaAtatu
Zikomo kwambiri bambo. Ndiye kuti gawo langa ndi theka la 38,400 m'chitsanzo chanucho?

MlembiWopuma
Ayi, musathamange. Nambala imeneyo ndangoiika kuti muone kukula kwa nkhani. Ndalama yomwe idzabwere patapita zaka 13 siingafanane ndi yomwe ili m'manja lero, ndiye pamafunika kuitsitsa kuti ifike pa mtengo wa lero. Alipo pagulu pano odziwa masamu amenewo kuposa ine.

Chiphadzuwa_T
Amuna akayamba kuwolowa manja mwadzidzidzi, dziwani kuti awerengera kale 😂

BamboMavuto
Ine zimandinyansa zimenezi. Munthu wadzuka m'mamawa zaka 22, choko m'manja, ana 80 m'kalasi, kenako wina adzadye thukuta lake mpaka ukalamba atasiyana kale? Penshoni ndi ya amene anagwira ntchito. Nyumba mwapatsidwa, mukufunanso chiyani?

NamwinoUsiku
A BamboMavuto, pamene iwo anali m'kalasi ndi ana a eni 80, ana awo atatu anali ndi ndani? Mayiwa anena kuti anasiya ntchito chifukwa chotsatira mwamuna kulikonse komwe ankamutumiza. Akanakhala pa ntchito yawo bwenzi lero ali ndi penshoni yawoyawo. Penshoni ndi malipiro omwe anachedwetsedwa. Malipiro a mwezi ankadya onse awiri ngati banja, nanga gawo lomwe linasungidwalo lasanduka bwanji la munthu mmodzi?

BamboMavuto
Anawakakamiza ndani kusiya ntchito?

NamwinoUsiku
Ukwati womwewo womwe mukufuna kuti awutulukemo chimanjamanja.

Dzuwa_Lowa
Ine ndine mwamuna ndipo ndinali mbali inayo. Mkazi wanga wakale ndi amene anali wa boma, ine ndinkachita bizinesi. Pogawana, loya wake anafuna kuti bizinesi yanga iwerengedwe mpaka mashelefu ndi sikelo, koma penshoni yake akuti "imeneyo sinafike, siingawerengedwe". Woweruza anakana, anati zonse ziikidwe pa tebulo. Ndiye a BamboMavuto, lamuloli siliona kuti wavala siketi ndani. Tsiku lina lidzathandiza mng'ono wanu.

BamboMavuto
Zimenezo n'zosiyana.

Chiphadzuwa_T
Zasiyana pati akulu? Tiuzeni timve.

WaMasamu
Ndibwezeretse ku funso, chifukwa a MlembiWopuma andisiyira mpira. Amene amagwira ntchito yowerengera mtengo wa penshoni ngati imeneyi amatchedwa actuary, ndipo amayang'ana zinthu zingapo.

Chachikulu ndi chiwongoladzanja chomwe agwiritse ntchito potsitsa ndalama ya mtsogolo. Funso lake ndi lakuti: ndiike zingati lero kuti pakadzatha zaka 13 zidzakwane 100? Pa 3 peresenti pachaka, yankho ndi 68. Pa 5 peresenti ndi 53. Pa 8 peresenti ndi 37. Penshoni ndi imodzi yomweyo, koma mtengo wake watsika pafupifupi ndi theka pongosintha nambala imodzi. N'chifukwa chake akatswiri awiri oona mtima atha kubweretsa malipoti osiyana kutalitali, ndipo mbali ya mwamuna idzakonda chiwongoladzanja chokwera pomwe yanu idzakonda chotsika. Lipoti likabwera, tsamba loyamba kuliwerenga ndi lomwe likunena kuti agwiritsa ntchito peresenti yanji ndipo chifukwa chiyani.

Kenako pali zaka za moyo. Palibe akudziwa kuti bamboyo adzakhala zaka zingati atapuma, ndiye amagwiritsa ntchito matebulo osonyeza mwayi woti munthu wa msinkhu wakutiwakuti afike chaka chilichonse. Amaonanso mwayi woti amwalire asanapume n'komwe.

Chinanso chomwe anthu amachiiwala: kodi penshoniyo imakwezedwa zinthu zikamakwera mitengo? Penshoni yomwe lamulo likuti izikwera chaka ndi chaka ndi yamtengo wapatali kwambiri kuposa yomwe imangokhala pamodzimodzi kapena yomwe imakwezedwa boma likafuna. Funsaninso ngati pali ndalama yolandira pakamodzi tsiku lopuma, ya gratuity ija, chifukwa nthawi zambiri pa pepala la zodulidwa siioneka.

Pomaliza msonkho. M'maiko ambiri penshoni imadulidwa msonkho polandira, choncho kuiyerekeza ndi nyumba popanda kuchotsa msonkho n'kulakwira mwamunayo. Izi ndikunena kuti a BamboMavuto aone kuti masamu sakondera.

Kalulu77
Zonsezi kuti mayi alipire katswiri, alipire loya, potsiriza ndalama yonse ithere kwa iwowo.

WaMasamu
Lipoti limodzi la actuary mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi penshoni ya zaka 22. Ndipo n'zotheka mbali zonse ziwiri kugwirizana katswiri mmodzi n'kugawana bilu. Makhoti ambiri amakonda zimenezo kusiyana ndi kumvetsera akatswiri awiri akutsutsana.

GogoWaKale
Mwana wanga, zaka 16 si masewera. Mwayesa kukhala pansi n'kukambirana modekha? Ana atatu amenewo adzakula ndi mabala.

MayiWaAtatu
Agogo, ndikulemekeza mawu anu, koma tinakhala pansi kambirimbiri. Anawo ndi amene ndikuwaganizira pofunsa zimenezi.

Woyang'aniraGulu
Mwini nkhani anapempha poyamba pomwe kuti za kubwererana zisalowe. Tilemekeze zimenezo chonde.

Mlendo_UK
Ndinene za kuno komwe ndili, mwina zithandiza kuona njira zomwe zilipo, ngakhale malamulo amasiyana dziko ndi dziko. Ku England ndi Wales kuyambira December 2000 khoti litha kulamula kuti penshoni igawidwe pomwepo. Peresenti yomwe yagamulidwa imachoka m'dzina la mwamuna n'kukhala penshoni ya mkazi payekha, kaya mwamunayo amwalire, kaya mkaziyo akwatiwenso, ndi yake basi. Ofesi ya penshoni imapereka nambala yotchedwa cash equivalent, yosonyeza mtengo wa penshoniyo lero, koma maloya a kuno amachenjeza kuti pa penshoni za boma, makamaka za apolisi ndi asilikali omwe amapuma msanga, nambala imeneyi imatha kukhala yotsika kuposa ndalama yomwe ungafune kuti ugule penshoni yofanana nayo kwina. Ndiye ngakhale nambala yosindikizidwa ndi ofesi amaitengabe kwa actuary.

Mnzanga wa ku Germany amati kwawo nkhaniyi siichita kupemphedwa. Kuyambira 1977 khoti limagawa lokha penshoni zomwe aliyense anapeza m'nthawi ya ukwati, pokhapokha ngati ukwatiwo unali waufupi kwambiri kapena awiriwo anagwirizana zina movomerezeka.

Joni_Boy
Ku South Africa kuno amawerengera ngati kuti munthuyo wasiya ntchito tsiku lomwe ukwati watha. Kale mkazi wa wantchito wa boma ankadikira mpaka mwamuna adzapume kapena kusiya ntchito, pomwe a makampani ankalandira nthawi yomweyo. Nkhaniyi inafika mpaka ku Constitutional Court, lamulo linasinthidwa, ndipo tsopano a GEPF, thumba la penshoni za ogwira ntchito m'boma kuno, amalipira gawo la mkazi kapena mwamuna wakale ukwati ukangotha. Koma chigamulo chikapanda kutchula bwino dzina la thumba la penshoni ndi peresenti yake, amachibweza. Ndaona anthu akubwerera kukhoti chifukwa cha mzere umodzi wolembedwa mosasamala.

MayiWaAtatu
Ndiye kuti pali njira zingapo? Ine ndimaganiza kuti ndi nyumba kapena penshoni basi.

LoyaWaMawa
Ndikuphunzirabe zamalamulo, ndiye awa si malangizo a loya wanu, koma njira zodziwika ndi zitatu, ndipo si dziko lililonse lomwe limalola zonse.

Yoyamba ndi yomwe amuna anu akufunayo, yosinthanitsa. Penshoni imawerengedwa mtengo wa lero, inu mumatenga katundu wina wofanana ndi gawo lanu, nkhani n'kuthera pomwepo. Ubwino wake simudzaonananso pa za ndalama. Koma imadalira kwathunthu kuti nambalayo ikhale yoona, ndipo mukasaina n'kovuta kwambiri kudzaitsegulanso.

Yachiwiri ndi yomwe a Mlendo_UK afotokoza, yodula penshoniyo pakati kuti aliyense akhale ndi yake.

Yachitatu ndi yodikira. Khoti limalamula kuti iwo akadzayamba kulandira, peresenti yakutiyakuti izipita kwa inu. Apa sipafunika kulimbana ndi chiwongoladzanja chifukwa mukugawana ndalama yeniyeni ikafika. Nthawi zambiri amagwiritsa ntchito zaka: zaka za ukwati zomwe munthu anali pa ntchito, kugawa ndi zaka zonse za ntchito. Kwa inu zingakhale 16 mwa 35, ndipo theka lake ndi pafupifupi 23 peresenti ya penshoni yonse. Vuto lake mwamangiriridwa kwa munthu yemwe mwasiyana naye. Akachedwa kupuma, mudikira. Akachotsedwa ntchito pa mlandu woti penshoni iwonongeke, mwawonongekera limodzi.

BamboMavuto
Taonani tsono. Akadzakwezedwa kukhala hedimasitala patatha zaka 10 chisiyanirane, mayiwa adzadyanso nawo malipiro a uhedimasitala? Chilungamo chili pati pamenepo?

LoyaWaMawa
Apa mwafunsa funso lenileni, akulu, ndipo makhoti enieniwo sagwirizana. Ena amati tiwerengere pa malipiro a tsiku losiyana, zomwe zabwera pambuyo ndi za mwini wake. Ena amati udindo wa pambuyowo wamangidwa pa zaka zoyambirira zomwe mkazi anali kumbuyo kwake, ndiponso chaka chilichonse chowonjezera chikuchepetsa kale peresenti ya mkaziyo, chifukwa 16 mwa 35 ndi yochepa kuposa 16 mwa 22. Ine ndimaona kuti kuumitsa pa malipiro a lero popanda kuwakweza molingana ndi mitengo ya zinthu n'kumulanda mkazi mwakachetechete, chifukwa 80 ya lero, theka la 160 ya m'chitsanzo cha a MlembiWopuma chija, pofika zaka 13 idzagula zochepa kwambiri. Koma kukwezedwa udindo kwenikweni, pamenepo ndikumvetsa dandaulo lanu.

BamboMavuto
Bola mwavomerako kamodzi.

Nachisale_M
Ndiloleni ndinene za azakhali anga, chifukwa palibe watchula za imfa mokwanira. Iwo anapatsidwa njira yodikirayo. Amuna awo akale atapuma, ndalama inkabwera bwinobwino mwezi ndi mwezi. Patangopita zaka zochepa bamboyo anamwalira, ndalama n'kuima mwezi womwewo. Atapita ku ofesi anauzidwa kuti gawo lawo linali pa penshoni ya malemuyo, ndipo penshoniyo yatha ndi mwini wake. Ya amasiye inapita kwa mkazi wachiwiri yemwe anakhala naye zaka zochepa chabe. Ndinawaperekeza tsiku limenelo. Anatulutsa chigamulo m'kapepala ka pulasitiki momwe ankachisunga, kalaliki anachiwerenga kawiri n'kuwalozera ndi cholembera kuti onani, palibe paliponse pomwe palembedwa za imfa. Anali ndi zaka zoposa 60, opanda ntchito.

Ndiye mayi, ngati mungatenge njira yodikira, funsani loya wanu mafunso awa: akamwalira asanapume chichitike n'chiyani, akamwalira atapuma chichitike n'chiyani, akakwatiranso chichitike n'chiyani. Ngati malamulo a penshoniyo salola mkazi wakale kulandira ya amasiye, ena amaikapo inshuwalansi ya moyo wa mwamunayo kuti itseke dzenje limenelo.

NamwinoUsiku
Zomvetsa chisoni. Ndipo onjezanipo kuti ndalamayo izichokera ku ofesi ya penshoni kubwera kwa inu mwachindunji. Zoti izidutsira m'thumba la mwamuna wakale kuti iye azikutumizirani, mudzakhala mukupempha chanu chomwe mwezi uliwonse.

Msilikali_Wakale
Zimenezo zimatengera malamulo. Ku America, mwachitsanzo, pa penshoni ya asilikali boma limalipira mkazi wakale mwachindunji pokhapokha ngati ukwati unatha zaka 10 zomwe zikugwirizana ndi zaka 10 za usilikali. Zikachepa, khoti litha kumupatsabe gawo, koma azilandira kwa mwamunayo. Ndiye musangoganiza kuti ofesi idzamvera chigamulo chilichonse. Penshoni za boma zimakhala ndi lamulo lakelake, losiyana ndi la makampani.

Kalulu77
Mwaona? Zonsezi ndi mavuto okhaokha. Ndinanena ine, nyumba.

MlembiWopuma
A Kalulu77, mwina mapeto ake adzakhaladi nyumba, palibe akukana. Mayi wa ana atatu amafuna denga lero, osati pakatha zaka 13. Koma taonani zomwe akupatsidwa. Nyumba ili ndi ngongole, ndiye mtengo wake weniweni ndi mtengo wogulitsira kuchotsapo ngongoleyo. Pa zotsalazo, theka ndi lawo kale ngati khoti lingagawe pakati. Chomwe bamboyo akupereka ndi theka lake lokha la zotsalazo, ndipo akufuna kugula nalo gawo lonse la mayiwa pa penshoni. Kuwonjezera apo ngongole ya mwezi ndi mwezi ikutsalira munthu yemwe sali pa ntchito. Akalephera kulipira, banki ilanda, atsala opanda nyumba opandanso penshoni. Mwina masamu akachitika zidzapezeka kuti kusinthanitsako n'kwachilungamo, mwina zidzapezeka kuti payenera kukhala nyumba ndi kagawo ka penshoni pamwamba. Panopa palibe akudziwa, ngakhale bamboyo.

Chiphadzuwa_T
Bamboyo akudziwa, musamuyeretse 😂

Dzuwa_Lowa
Osati nthawi zonse achemwali. Ambiri ogwira ntchito m'boma sadziwa mtengo wa penshoni yawo. Amangoona zodulidwa pa payslip n'kumaganiza kuti ndi zomwezo. Mkazi wanga wakale lipoti litabwera anadabwa kuposa ine.

MayiWaAtatu
Ndawerenga zonse, zikomo. Za theka la nyumba kukhala langa kale sizinandifikepo m'mutu mwanjira imeneyo. Ndiye ndikapite ndi chiyani kwa loya? Ndipo ofesi ya penshoni ingandipatse ine mapepala, poti dzina si langa?

MlembiWopuma
Kawirikawiri ofesi siipereka kwa munthu wina popanda chilolezo cholembedwa ndi mwini wake kapena lamulo la khoti. Koma pa mlandu wogawana chuma mbali iliyonse imayenera kuulula zomwe ili nazo, ndiye loya wanu apemphe kudzera m'njira imeneyo. Apemphe tsiku lenileni lomwe analembedwa ntchito ndi zaka zomwe zikuwerengedwa pa penshoni, chifukwa nthawi zina zimasiyana ngati munthu anayamba ngati wogwirizira kapena anapitako kutchuthi chosalipidwa. Apemphe malipiro omwe penshoni imawerengedwerapo, poti ma alawansi ambiri salowamo. Apemphe buku la malamulo a penshoniyo, chiyerekezo cha zomwe angalandire atasiya lero ndi atapuma pa msinkhu wake, komanso ngati pali ngongole iliyonse yomwe idzadulidwe pa gratuity. Yomalizayi anthu amaidziwa mochedwa.

Inu konzani setifiketi ya ukwati, kalata ya kubanki yosonyeza ngongole yotsala, ndi mtengo wa nyumba wochokera kwa katswiri, osati wongomva kwa aneba.

LoyaWaMawa
Ndiwonjezere tsiku lowerengera. Kwina amatenga tsiku lomwe munasiyana pogona, kwina lomwe mlandu unalowa kukhoti, kwina lomwe chigamulo chatuluka. Ngati munapatukana zaka ziwiri zapitazo, 16 ija itha kukhala 14. Ndiponso chigamulo chisanasainidwe, loya atumize mawu ake ku ofesi ya penshoni kuti anene ngati angathe kuwatsatira momwe alembedwera.

BamboMavuto
Ine ndikadali pomwepo kuti thukuta ndi la mwini. Koma zoti aphatikize ngongole ya nyumba kwa mayi osagwira ntchito, zimenezo ayi, nanenso sindingavomere.

MayiWaAtatu
Tinasiyana pogona chaka chatha, ndiye za tsikuzo ndikafunsa. Ndawalembera uthenga bambo a anawa kuti sindisaina mpaka penshoni iwerengedwe ndi katswiri, ndipo ndati tigawane bilu yake. Ayankha kuti ngati ndi choncho, nawonso za nyumba aziganizanso.

WaMasamu
Aloleni aganize. Inu funsani loya ngati m'dziko lanu penshoni ya boma imadulika pakati kapena ndi yodikira yokha, chifukwa lipoti la actuary limalembedwa mosiyana malinga ndi yankho limenelo. Musalipire lipoti musanadziwe zimenezo.

Nachisale_M
Ndipo za imfa zija zilembedwe, mayi. Mzere wakewake.

Joni_Boy
Mwati anayamba ntchito zaka 6 musanakwatirane. Kodi munali mukukhalira limodzi kale nthawi imeneyo? Chifukwa makhoti ena amawerengera kuyambira pomwe munayamba kukhala nyumba imodzi, ngati munapitirira mpaka ukwati osalekeza.

MayiWaAtatu
Zaka ziwiri tisanalembetse. Mwana woyamba anabadwa nthawi imeneyo. Ndiziika pa mndandanda wa mafunso okafunsa loya Lachinayi.